Ngongole ya anyani ikabwezedwe pa bedi la wodwala

Mu Novembala 1881, dokotala wina wa ku Scotland, David Ferrier, anaonekera m'bwalo la milandu la Bow Street mumzinda wa London. Mlandu wake unali wokhudza anyani. Bungwe la mayi Frances Power Cobbe, lomwe linkalimbana ndi mchitidwe wong'amba nyama zamoyo pofufuza za sayansi, linamusumira kuti anachita opaleshoni mitu ya anyani alibe chilolezo chimene lamulo la mu 1876 linkafuna. Mlanduwo sunapite patali. Zinadziwika kuti amene anagwira mpeni anali mnzake Gerald Yeo wa ku King's College, ndipo iyeyo chilolezo anali nacho. Woweruza anauthetsa.

Mlandu unatha, koma funso la mayi Cobbe linatsala lili chiimire: kodi nyamazi zikuvutikiranji? Ndi funso labwino, ndipo wasayansi amene amalipeputsa amadzichotsera yekha ulemu. Papita zaka zoposa 140, ndipo lero yankho lilipo. Mbali yaikulu ya yankholo yagona pa kanthu kamene munthu aliyense amachita osazindikira n'komwe, kulumpha kwa diso.

Kuyambira mu 1873, pa chipatala cha odwala maganizo cha West Riding ku Wakefield, Ferrier ankakhudza ubongo wa nyama ndi timawaya ta magetsi ofooka n'kumaona chiwalo chimene chagwedezeka. Atakhudza kadera kena kutsogolo kwa ubongo wa nyani, nyaniyo anatuzula maso, kenako maso ndi mutu womwe zinatembenukira mbali imodzi. Akakhudza kumanzere, maso ankathawira kumanja. Akakhudza kumanja, ankathawira kumanzere. Analemba zimenezi m'buku lake la mu 1876, The Functions of the Brain. Kaderako lero kamatchedwa frontal eye field, kapena FEF mwachidule.

Anthu ambiri amaganiza kuti amaona bwino zonse zimene zili patsogolo pawo. Ayi ndithu. Mkati mwa diso, pa kansalu kolandira kuwala kamene madokotala amati retina, pali kadontho kamodzi kokha koona zinthu mwatchutchutchu, kotchedwa fovea. Malo amene kadonthoka kamaona nthawi imodzi ndi aakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu munthu akatambasula mkono. Kunja kwa pamenepo n'chimbuuzi chokhachokha. Kuti munthu aone nkhope ya mnzake, msewu kapena tsamba la nyuzipepala, diso liyenera kuponya kadonthoka apa ndi apo pafupifupi katatu pa sekondi iliyonse, maulendo oposa 100,000 pa tsiku. Asayansi amatcha kulumphaku saccade. Kulumphaku n'kwachangu kwambiri: diso limafika liwiro la madigiri 500 kapena kuposerapo pa sekondi, ndipo kulumpha kwa nthawi zonse kumatha gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi lisanakwane. Likanyamuka lanyamuka, silikhala ndi mpata wofunsa njira lili m'mwamba. Minofu 6 ya diso lililonse ndi imene imakoka, koma pokatera pamakhala patasankhidwa kale lisanachoke.

Wofuna umboni aime pa kalilole. Akayang'ana diso lake lamanzere kenako n'kuyang'ana lamanja, saona maso ake akuyenda, chonsecho mnzake woima pambali amawaona bwinobwino akulumpha. Ubongo umachepetsa kuona pa kanthawi kamene diso lili paulendo, n'kulumikiza zithunzizo moti munthu sadziwa kuti panali mpata. Kuwerenga nakonso n'chimodzimodzi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870, Louis Émile Javal ndi anzake ku Paris anazindikira kuti diso silitsetsereka pa mzere wa mawu, koma limaima, kulumpha, n'kuimanso. Pa mawu aatali limatha kuima kawiri, ndipo Chichewa sichisowa mawu aatali.

Amene anaonetsa kuti kulumphaku sikungochitika mwachisawawa anali Alfred Yarbus wa ku Moscow. Iye ankamatika kachipangizo kakang'ono pa diso la munthu kuti kazijambula njira imene disolo layenda. Anaonetsa munthu chithunzi cha Ilya Repin cha bambo amene walowa m'nyumba abale ake asakumuyembekezera. Atauzidwa kuti aganizire zaka za anthu a pachithunzipo, maso a woyang'anayo anakakamira pa nkhope. Atauzidwa kuti aganizire ngati banjalo ndi lolemera, maso anayendayenda pa mipando ndi pa makoma. Chithunzi chinali chomwecho, diso lomwelo, koma njira zinasiyana chifukwa funso linasintha. Buku lake linatuluka m'Chingerezi mu 1967, ndipo linasiya asayansi akufunsa kuti wotuma disoyo ndani.

Khoswe wa mu labotale sangayankhe funso limeneli. Maso ake ali m'mbali mwa mutu ndipo alibe fovea, choncho safunika kuloza zinthu ndi diso momwe munthu amachitira. Anyani a ku Asia a mtundu wa rhesus macaque, omwe ndi abale ake a nyani wa m'mapiri a kuno, ali ndi maso oyang'ana kutsogolo, ali ndi fovea, ndipo amalumphitsa maso ngati munthu, mwachangu kuposa pang'ono. N'chifukwa chake katundu yense wa kafukufukuyu anagwera pa iwo.

Zaka pafupifupi 90 zinadutsa anthu asakudziwa zambiri kuposa zimene Ferrier anaona, chifukwa panalibe njira yabwino yoyezera kayendedwe ka diso pa nyama imene ili maso. David Robinson, injiniya wa zamagetsi amene anagwira ntchito pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, anathetsa vutoli mu 1963 popanga kawaya kozungulira kokhala pa diso, koyeza ngakhale kugwedezeka kochepetsetsa. Mu 1969 iye ndi Albert Fuchs anabwereza zimene Ferrier anachita, koma pa anyani ogalamuka ndi magetsi ochepa kwambiri. Anapeza kuti kamalo kalikonse ka mu FEF kali ndi kulumpha kwakekwake: apa diso limalumpha pang'ono cham'mwamba kumanja, apo limalumpha patali cham'munsi. Zinaoneka ngati nkhani yatha, woyendetsa diso wapezeka.

Koma zinthu ziwiri zinawaimitsa mitu. Choyamba, Emilio Bizzi atamvetsera maselo a m'deralo mu 1968, anapeza kuti ochepa okha ndi amene ankayamba kugwira ntchito diso lisananyamuke. Ambiri ankalira litanyamuka kale. Wolamula wanji amene amalankhula ntchito itachitika? Chachiwiri chinachokera kwa Peter Schiller ndi anzake pa yunivesite ya MIT mu 1979 ndi 1980. Iwo atachotsa FEF mbali zonse ziwiri, anyaniwo patapita masabata angapo anayambanso kulumphitsa maso pafupifupi ngati kale. Atachotsa dera lina la pansi, pakati pa ubongo, lotchedwa superior colliculus, zinachitikanso chimodzimodzi, kupatula zofooka zina zing'onozing'ono. Koma atachotsa zonse ziwiri, maso anatsala pang'ono kuimiratu ndipo sanachirenso.

Charles Bruce ndi Michael Goldberg ndi amene anamasula mfundoyi mu 1985. Anyani a Bizzi ankangoyang'ana uku ndi uku popanda chowatuma. Bruce ndi Goldberg anaphunzitsa anyani awo kuyang'ana malo ena ake kuti alandire kadontho ka chakumwa, ndipo apa maselo a mu FEF analira diso lisananyamuke. Anapezamo maselo amitundumitundu: ena amalira akaona chinthu, ena amalira diso likatsala pang'ono kulumpha, ena amachita zonse ziwiri. Maselo olamula kulumpha aja ankakhala pafupifupi chete nyani akamangoyendetsa maso mumdima popanda cholinga. Ndiye kuti mbali ya kutsogolo kwa ubongo si imene imakoka diso. Zokoka zili pansi, m'tsinde la ubongo, momwe muli gulu lina la maselo loponya diso cham'mbali ndi lina loliponya m'mwamba ndi pansi, ndipo superior colliculus payokha imatha kulitumiza ku chinthu chimene chathwanima. Ntchito ya kutsogolo ndi kusankha kumene diso lipite, nthawi yoti lipite, ndipo makamaka kuliletsa.

Pa kuletsa m'pamene pali zokoma. Mu 1983, Okihide Hikosaka ndi Robert Wurtz, pa National Institutes of Health ku Bethesda, anapeza kuti superior colliculus imakhala yopanikizidwa nthawi zonse. Maselo a m'dera lina lakuya lotchedwa substantia nigra amalira mosalekeza, maulendo 50 mpaka 100 pa sekondi, kuiuza kuti isasunthe. Diso likafuna kulumpha mwadala, uthenga umachoka kutsogolo kwa ubongo, kudutsa m'dera la caudate, n'kukatontholetsa maselo opanikiza aja kwa kanthawi kochepa. Zili ngati wakabaza potsika chitunda: sapalasa, njinga imafuna yokha kuthamanga, luso lake lili pa dzanja logwira buleki ndi kudziwa pomasula. Pa matenda a Parkinson, amene amawononga maselo oyandikana ndi amenewa, odwala amachedwa kuyamba kulumphitsa maso mwadala ndipo diso limatera lisanafike pamene limafuna.

Buleki ameneyu angathe kuyezedwa, ndipo amene anapeza njira yake ndi Peter Hallett wa pa yunivesite ya Toronto mu 1978. Lamulo lake ndi lachibwana ukalimva: kakuwala kakathwanima kumanja, yang'ana kumanzere. Koma thupi lonse limafuna kucheukira kumene kwathwanima, moti ngakhale munthu wamkulu wabwinobwino amaphonya mwa apo ndi apo, diso n'kuthawira kolakwika lisanabwezedwe. Mayesowa amatchedwa antisaccade. Mu 1985 Daniel Guitton ndi anzake pa Montreal Neurological Institute anayeza odwala khunyu amene anachotsedwa kachigawo ka ubongo pofuna kuthetsa kugwa kwawo. Amene anachotsedwa cham'mbali, pafupi ndi khutu, anakhoza ngati anthu ena onse. Ambiri mwa amene anachotsedwa kutsogolo analephera kudziletsa: lamulo ankalimvetsa, ankatha kulibwereza pakamwa, koma diso linkapita kumene kwathwanima basi. Pambuyo pake Charles Pierrot-Deseilligny ndi anzake ku Paris anasiyanitsa bwino. Kuvulala kwa dera la kutsogolo kwa FEF, lotchedwa dorsolateral prefrontal cortex, n'kumene kumachulukitsa kuphonya, pamene kuvulala kwa FEF yeniyeniyo kumachedwetsa kulumpha kolondola.

Makolo ndi aphunzitsi angapezepo kanthu apa. Mu 1998 Douglas Munoz ndi anzake pa Queen's University ku Canada anayeza anthu a zaka 5 mpaka 79. Ophonya kwambiri anali ana a zaka 5 mpaka 8, ndipo okhoza kwambiri anali a zaka za pakati pa 20 ndi 30. Mwana wa Sitandade 1 amene amacheukira chilichonse chodutsa pawindo sikuti ndi wamwano nthawi zonse ayi. Mbali ya ubongo yogwira buleki imachedwa kukhwima.

Kafukufuku wozama kwambiri pa nkhani ya kusankhayi anachitika pa yunivesite ya Vanderbilt ku Nashville. Munthu akauzidwa kuti ayang'ane kakuwala kakangooneka, amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi, koma nthawiyo sikhala yofanana: ulendo uno afulumira, ulendo wina achedwa, ngakhale kuti palibe chasintha. Mu 1996 Doug Hanes ndi Jeffrey Schall anaonetsa chifukwa chake pa anyani. Kulira kwa maselo olamula a mu FEF kumakwera pang'onopang'ono, ndipo kukafika pa mlingo wina, womwe susintha, diso limanyamuka. Chimene chimasintha ndi liwiro la kukwerako. Kenako anaphunzitsa anyani masewera ena: konzeka kuyang'ana uko, koma chizindikiro china chikabwera, leka. Nyani akakwanitsa kuleka, kulira kwa maselo aja kunkakwera kenako n'kugwa kusanafike pa mlingo. Chizindikiro chikachedwa, mlingo unkakhala utafikidwa kale ndipo diso linkapita. Aka kanali koyamba kuti anthu aone ndi maso, m'maselo amodziamodzi, cholinga chikubadwa kenako n'kuthetsedwa chisanasanduke ntchito. Anthu a nzeru zakuya akhala akukangana kwa zaka mazanamazana za mmene munthu amasinthira maganizo. Anyani a ku Nashville anapereka manambala.

Pamwamba pa ubongo, pafupi ndi mzere wogawa mbali ziwiri, pali dera linanso lotchedwa supplementary eye field, limene John Schlag ndi Madeleine Schlag-Rey a ku Los Angeles analifotokoza mu 1987. Mu 2000 gulu la Schall linapeza kuti ena mwa maselo a m'menemo salamula kalikonse. Amalira nyani akalakwitsa, ena amalira mphoto ikamayembekezereka. Ndi oyang'anira ntchito. Ndipo pa yunivesite ya Yale mu 1989, Shintaro Funahashi, Charles Bruce ndi Patricia Goldman-Rakic anathwanimitsa kakuwala pa amodzi mwa malo 8, n'kukazimitsa, n'kudikiritsa nyani masekondi angapo asanayang'ane pamene kanali. Pa nthawi yodikirayo, pamene panalibe chooneka ndipo diso silinasunthe, maselo ena a kutsogolo kwa ubongo ankalirabe, selo lililonse kusunga malo ake. Uku n'kukumbukira kwa kanthawi kochepa, komwe munthu amagwiritsa ntchito posunga nambala ya foni m'mutu mpaka ataimba.

Zina ziwiri n'zoyenera kutchulidwa mwachidule. Tirin Moore ndi anzake ku Princeton, mu 2001 ndi 2003, anapatsa FEF magetsi ochepa osakwana kusuntha diso. Diso silinasunthe, koma nyani anayamba kuzindikira msanga kusintha kochepa pa malo amene disolo likanapita, zomwe zinaonetsa kuti kuika chidwi pa chinthu ndi kukonzekera kuchiyang'ana zimayendera mawaya ogwirizana. Nawo Marc Sommer ndi Wurtz mu 2002 anapeza njira yobwerera, yochokera ku superior colliculus kudzera m'dera lotchedwa thalamus kupita ku FEF, yodziwitsa kutsogolo kuti diso latsala pang'ono kulumpha ndipo lilumpha motani. Iyi ndi mbali ya chifukwa chake dziko silioneka ngati likugwedezeka katatu pa sekondi.

Zonsezi sizinabwere zaulere, ndipo wolipira sanali wasayansi. Nyani wa kafukufuku wotere amachitidwa opaleshoni atagonekedwa ndi mankhwala, n'kuikidwa kachitsulo pachigaza kogwirira mutu kuti usagwedezeke, ndi kachitseko kolowetsera timawaya. Ubongo weniweniwo sumva kuwawa, koma bala la pamutu limafuna kutsukidwa nthawi zonse ndipo limatha kutukusira. Kuti nyani agwire ntchito, madzi ake amamuyezera, kuti azifuna kadontho ka mphoto. Amaphunzitsidwa miyezi yambiri, amakhala pampando maola angapo pa tsiku, mwina kwa zaka, ndipo ambiri amaphedwa pamapeto kuti ubongo wawo uunikidwe. N'zoona kuti kafukufuku mmodzi wotere nthawi zambiri amagwiritsa ntchito anyani awiri kapena atatu okha. Koma nyama imene imatha kuphunzira lamulo lakuti "leka", n'kuzindikira kuti yalakwitsa, si nyama yoti kuvutika kwake kuwerengedwe mopepuka. Zotsatira za kafukufukuyo n'zimene zikupereka umboni wakuti nyaniyo ali ndi maganizo.

Mayiko amene amachita kafukufukuyu akhala akumangitsa malamulo. Britain inasiya kupereka chilolezo chofufuzira pa anyani akuluakulu monga chimpanzi mu 1997, mayiko a European Union anakhwimitsa lamulo lawo mu 2010, ndipo boma la America linasiya kulipirira kafukufuku wa zamankhwala pa chimpanzi mu 2015. Mu 2014 wailesi ya kanema ku Germany inaonetsa zithunzi zojambulidwa mobisa mu labotale ya Max Planck ku Tübingen. Mkulu wake, Nikos Logothetis, analengeza chaka chotsatira kuti asiya kugwiritsa ntchito anyani kumeneko. Mlandu umene anazengedwa unathetsedwa mu 2018, ndipo kenako anasamutsira ntchito yake ku Shanghai. Anyani sanapulumuke, anangosintha dziko. Apa m'pamene oletsa kotheratu amaphonya. Kutseka labotale imodzi sikuthetsa kafukufuku, kumangomusamutsa. Chanzeru ndi malamulo olimba, oyendera odziimira paokha, makamera m'malo mwa kawaya kosokerera pa diso monga ambiri achitira kale, ndi kukana kafukufuku aliyense amene funso lake lingayankhidwe pa anthu odzipereka okha kapena pa kompyuta.

Komabe malamulo okha sabweza ngongole. Chimene chingalungamitse zimene anyaniwa anaona ndi chakuti nzeruzo zifike kwa wodwala, ndipo pa mfundo iyi mayiko osauka ali ndi mwayi kuposa mmene amaganizira. Zambiri zimene sayansi ya ubongo imatulutsa zimafuna makina a ndalama zankhaninkhani. Kuyeza kayendedwe ka maso kumafuna chala cha woyeza, kuwala kokwanira ndi mutu wodziwa chimene ukuona.

Chitsanzo chakale kwambiri ndi sitiroko. Mu 1868, Ferrier asanakhudze nyani, dokotala wa ku Switzerland Jean-Louis Prévost anali atalemba kale kuti odwala ena ofa ziwalo mbali imodzi amakhala maso ndi mutu zitakhotera mbali inayo. Kafukufuku wa pa anyani ndi amene anafotokoza chifukwa chake. FEF ya kumanzere imakankhira maso kumanja, ya kumanja imakankhira kumanzere. Imodzi ikafa, yotsalayo imapambana, ndipo maso amakhotera mbali imene ubongo wavulala, kufulatira mkono ndi mwendo wakufawo. Khunyu loyambira m'dera lomweli limachita mosemphana: deralo limagwira ntchito mopitirira muyeso, n'kukankhira maso kutali ndi mbali yodwalayo. Ndipo ngati maso akhotera kumene kuli ziwalo zakufa, wodwala asakugwedezeka, woyeza amaganizira za vuto la pansi, m'tsinde la ubongo kapena mu thalamus. Pali zina zosatsatira lamuloli, koma m'masekondi ochepa, popanda makina, wachipatala amakhala atadziwa mbali yoyambira kufufuza. N'chifukwa chake kumene maso aloza ndi chimodzi mwa zinthu zoyezedwa pa sikelo ya sitiroko ya National Institutes of Health imene zipatala zambiri padziko lapansi zimagwiritsa ntchito.

Palinso umboni woti nthawi zina maso amaposa makina. Mu 2009 Jorge Kattah, David Newman-Toker ndi anzawo ku America anafalitsa zotsatira za odwala 101 obwera ndi chizungulire chachikulu chosatha. Mayeso atatu a maso ochitikira pa bedi, amene amodzi mwa iwo amangoona ngati diso likulumpha kubwerera pamalo mutu ukatembenuzidwa mwadzidzidzi, anazindikira odwala sitiroko onse, pamene makina a MRI ojambula m'masiku awiri oyamba anaphonya 12 pa 100 alionse. Mayeso amenewa amakhudza mbali ya pansi ya dongosolo la maso, osati ya kutsogolo, ndipo anachitidwa ndi akatswiri ozolowera. Koma nzeru yake inachokera ku sayansi yomweyi yoyeza kulumpha kwa diso.

Malawi si mlendo pa nkhani yowerenga ubongo kudzera m'maso. Mu 1989, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi Ankie Borgstein, pogwira ntchito ndi ana odwala malungo aakulu pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anakonza njira yoyezera kukomoka kwa ana amene sanayambe kulankhula, chifukwa sikelo ya ku Glasgow ya mu 1974 inapangidwira akuluakulu. Njirayo imadziwika padziko lonse ndi dzina lakuti Blantyre Coma Score. Mwa mapointi ake 5, imodzi imachokera pa funso limodzi: kodi mwanayo akuyang'ana kapena kutsatira ndi maso nkhope ya mayi ake? Sikuti madokotalawa anatengera zimenezi ku labotale ya anyani. Anaziona pa odwala. Koma kafukufuku wa pa anyani akufotokoza chifukwa chake funso lophwekali lili ndi mphamvu: kuti mwana asankhe nkhope imodzi pakati pa zonse za m'wodi n'kuilondola, dongosolo lonse kuchokera ku retina mpaka kutsogolo kwa ubongo ndi kutsikanso kukafika ku minofu ya diso liyenera kukhala likugwira ntchito.

Mayeso a Hallett nawo amatheka ndi manja. Woyeza amakweza manja onse awiri, n'kugwedeza chala cha dzanja limodzi, wodwala n'kuyang'ana dzanja linalo. Kafukufuku wambiri, kuyambira wa Junko Fukushima ndi anzake ku Japan mu 1988, waonetsa kuti odwala matenda a maganizo a schizophrenia amaphonya kwambiri mayesowa, ndipo n'chimodzimodzi odwala matenda a Huntington ndi mitundu ina ya matenda oiwalaiwala a ukalamba. Pano pafunika kusamala. Munthu wotopa, woledzera, womwa mankhwala ogonetsa kapena amene sanamvetse lamulo amaphonyanso. Mayesowa sanena dzina la matenda, ndipo aliyense wogulitsa pulogalamu ya pafoni yolonjeza kupeza misala poyang'ana maso ayenera kufunsidwa umboni. Chimene amanena n'chakuti buleki wa kutsogolo kwa ubongo wafooka ndipo m'pofunika kufufuza chifukwa chake. Kwa agogo amene ayamba kusintha khalidwe, omwe kumudzi angathe kunamiziridwa ufiti, chizindikiro chooneka chakuti vuto lili mu ubongo si chinthu chaching'ono.

M'dziko limene makina ojambula ubongo amapezeka m'zipatala zowerengeka za m'mizinda, ndipo wodwala wa kumudzi amayamba waonedwa ndi namwino kapena kiliniko ofesa, luso limeneli siliyenera kukhala la akatswiri a ubongo okha. Masukulu monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences achite zoti wophunzira aliyense asamalize maphunziro asanaonetse pa bedi la wodwala kuti amatha kuyeza kumene maso aloza, mmene akulumphira, mmene akutsatirira chala, ndi ngati wodwala angathe kuwaletsa. Unduna wa Zaumoyo uike mzere wa zimenezi pa fomu yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu, kuti dokotala wolandira adziwe mmene maso analili pa ola loyamba, popeza kukhota kwa maso kwa sitiroko nthawi zambiri kumatha pakapita masiku.

Achibale nawonso ali ndi gawo lawo. Amene waona maso a mnzake atakakamira mbali imodzi, pakamwa patakhota, mkono utalefuka kapena mawu asakumveka, asadikire kuti kuche. Athamangire naye kuchipatala, ndipo akafika akanene zinthu ziwiri: nthawi imene zinayamba, ndi mbali imene maso analoza.